Mpando Umene Sunapachikidwe Pakhoma

Munthu ankati akalowa m'galaja yathu ya ku Bukit Lalang, maso ankayamba athamangira kukhoma. Pamenepo panali mipando yakuda, ing'onoing'ono, yopanda miyendo, titaipachika mumzere kuchokera pakhomo mpaka kukafika kuwindo la kumapeto. Alendo osadziwa ankayesa zigoba za akamba a m'nyanja. Inali mipando ya ana amene anapambana mpikisano wa magalimoto wa Selat, kuyambira chaka choyamba mpaka chomaliza, ndipo yonseyo ndinaiumba ndine, Siew Lan, ndi manja omwewa amene lero akulephera kutsegula botolo la mankhwala.

Mpikisanowo anauyambitsa ndi amuna anga, a Loke, tsitsi lawo lisanayambe kuthawa pamutu. Anali makaniko, ndipo ankadandaula kuti ana a kuno akakula n'kusiya timagalimoto ta ana tija amasowa kolowera, pokhapokha bambo wawo akhale ndi fakitale yoti n'kuwatumiza ku Ulaya. Choncho anapanga tigalimoto ta munthu mmodzi, topanda denga, matayala ali pamtunda, tofanana tonse kuti woluza asanamizire injini. Tinayambira kuno ku Johor. Posakhalitsa a ku Thailand anati nafenso, a ku Indonesia ndi a ku Philippines n'kutsatira. Galimoto zinkayenda m'makontena pa sitima yapamadzi, ife pambuyo pake ndi miphika iwiri, wina wa ana osadya nkhumba, komanso ana a eni ake oti tiziwadzutsa m'mawa ndi kuwakumbutsa kusamba.

Galimoto yotereyi ilibe mpando. Mkati mwake ndi mphako chabe, ngati bafa lopanikiza. Mwana ankalowa n'kukhalira jumbo yaikulu yakuda, ine n'kusakaniza mankhwala awiri m'chidebe, n'kuthira m'jumbomo kumsana kwake. Mankhwalawo ankafufuma ngati mtanda wa buledi, kutentha, kenako n'kuuma atajambula thupi lonse la mwanayo, nthiti, mapewa, ngakhale mafupa okhalira. Likauma thovulo ndinkalisepa m'mbali ndi mpeni wa buledi, kulikulunga ndi tepi yakuda, n'kulemba dzina la mwana kumbuyo chakumtunda ndi penti yoyera. Ana a ku Thailand ankaponyamo tizithumwa tawo thovu lisanaume, a ku Philippines timendulo ta oyera mtima, ndipo ine ndinkayang'ana kumbali bola kasakhale konola. Mpando wotero sukwana munthu wina aliyense koma mwini wake.

Pamene thovu linkauma, mwana sankayenera kugwedezeka ngakhale litamuwotcha. A Loke ankamuuza kuti atsinzine, ayendetse bwalo lonse ndi pakamwa, atchule pokhota paliponse, poponda buleki, posintha giya. Ena ankalira. Ena ankatukwana m'zinenero zawo poyesa kuti sindikumva. Ine ndinkamva zonse, ndipo otukwanawo ndinkawasiya akhalemo kanthawi kena thovu litauma kale.

Chaka chikatha, mpando wa wopambana unkakwera pakhoma. Ya ena onse tinkaiduladula, zidutswa n'kuponya m'katoni kuti zidzatchinjirize mawondo ndi zigongono za ana a chaka chamawa. Limenelo linali lamulo la a Loke, ndipo munthu wouma mutu ngati iwowo sindinamuonepo, ngakhale ndakhala nawo nyumba imodzi mpaka mano kuyamba kutha mkamwa.

Ndiye nthawi inafika yoti zithe. Eni bwalo la mpikisano, momwe munalinso galaja yathu, analigulitsa kwa anthu omanga nyumba. Ana a masiku ano nawonso amaphunzira kuyendetsa pakompyuta n'kudumphira ku mipikisano ikuluikulu yakunja, moti chaka chomaliza galimoto zathu zinali zoti n'kuziwerenga ndi zala. Tinagwirizana zochita tsiku lotsanzikana: kuitana onse a pakhoma, kudya pamodzi, aliyense atenge mpando wake, ndipo galimoto ziwiri zimene zinatsala pa zoyambirira zija zizungulire bwalo komaliza makina ogumula asanabwere.

Galimoto ziwirizo anazidzutsa ndi Rosdi, mkulu wa amakaniko athu, bambo wa ana anayi, wa kamimba kotsogola chifukwa cha zikondamoyo za roti ndi tiyi wa mkaka wa m'chitini. Zinali zitagona kuseri kwa galaja zaka zambirimbiri, makoswe ataberekeramo mibadwo. Iye anazimasula chitsulo chimodzichimodzi, kupukuta, kumanganso, mpaka tsiku lina masana injini inatsokomola n'kulira, agalu a m'minda ya kanjedza n'kuyankha onse. Rosdi ankafuna chinthu chimodzi chokha. Sananene kwa munthu, koma ngakhale mphaka wa pagalaja ankachidziwa: kuti pa tsiku lotsanzikanalo, imodzi mwa galimotozo ayendetse iyeyo.

Vuto linali lakuti Rosdi sanapambanepo.

Anabwera kwa ife ali mnyamata wowonda ngati mpini wa tsache, atakwera kumbuyo kwa lole ya bambo ake yonyamula zipatso za kanjedza kuchokera ku Kluang. Pa ana onse amene ndinawathirira thovu, ndi yekhayo amene sanagwedeze ngakhale chala, ndipo potuluka anati zikomo. Anathamanga zaka zitatu zoyambirira, ndipo zonse zitatu anakhala wachiwiri. Chaka choyamba mvula inamugwera ku Thailand ali kutsogolo, mnyamata wa komweko dzina lake Wirat n'kumudutsa m'madzi ngati bakha. Chaka chachiwiri, ku Indonesia, ng'azi yaikulu inatuluka mu udzu n'kuyamba kuwoloka msewu mwachifatse ngati inalipira pageti. Rosdi poizemba anakathera mumchenga, Wirat yemweyo n'kungoilambalala kumchira. Chaka chachitatu chinali chija cha utsi, nkhalango za kutsidya zikupsa, dzuwa osaoneka, magulu ambiri atatseka chifukwa cha kugwa kwa chuma. Tonse tinati chaka chino palibenso womuletsa. Kunabwera kamtsikana ka ku Philippines, Marites, kosafika n'komwe paphewa panga, n'kumuposa ndi mphuno ya galimoto pa mpikisano womaliza. Kenako zaka za Rosdi zinapitirira malire a ana, zoyendetsa n'kuthera pomwepo.

Sanapite kwina. Anavula chipewa cha mpikisano n'kutola sipanala. Ana onse a pakhoma obwera pambuyo pake anadutsa m'manja mwake. Ndiye ankawamanga malamba, kuwanong'oneza poyambira kuponda buleki, kuwagwira pamphumi akamasanza ndi mantha kuseri kwa kontena. Ndipo a Loke atadwala sitiroko, mbali yakumanzere n'kufa, lilime n'kulemera, Rosdi ndi amene ankabwera m'mawa uliwonse kudzawachotsa pabedi, kuwakhazika panjinga yawo ya olumala, kuwakweza m'galimoto, kukawatsitsa kugalaja. Ana athu obereka ali kunja, ku Perth, ndipo amaimba foni pa Chaka Chatsopano.

Tsiku lina masana tikumwa tiyi m'galajamo, a Loke analengeza lamulo la tsiku lotsanzikana. Mawu awo anali atachepa chidwalireni, koma ukali unatsala wonse. Anati galimoto zakalezo ayendetse ndi munthu amene ali ndi mpando wake womwe anathamangira, ndipo akwanemo monga alili lero. Watsopano sitithira, wa pakhoma sitisepa. Mipando ya ana a zaka zaposachedwa inali ya galimoto zatsopano zotakata, yosalowa m'zakalezo, choncho lamuloli linkangosiya anthu ochepa a zaka zoyamba.

Rosdi anazunguza supuni m'kapu nthawi yaitali, shuga atasungunuka kalekale.

"Madala," anatero, maso ali m'kapumo, "nanga imodzi ikasowa woyendetsa, ine sindingangoizungulitsa pang'onopang'ono? Kumbuyo komwe. Sindidutsa munthu."

"Mpando wako uli kuti?" anafunsa a Loke.

Rosdi anaseka kuseka kwa munthu amene waponda msomali pamaso pa alendo. Anati zoonadi, waiwala, mpando wake unatchinjiriza zigongono za ana a eni kalekale. Anamaliza tiyi wake n'kubwerera kunsi kwa galimoto. Ine ndinamumvera chisoni kwambiri, komanso ndinapsa mtima moti pang'onong'ono ndikanawathira a Loke tiyi m'khosi, chifukwa pofunsa funsolo anali ataukhalira mpandowo.

Nkhani yake inali motere. Kumapeto kwa chaka chachitatu chija, nditatenga mpeni kuti ndidule mpando wa Rosdi, a Loke anandilanda mpandowo n'kunena kuti adula okha. Sindinauonenso, ndipo sindinafunse. Patapita zaka, atatuluka m'chipatala, thupi lawo linkangopendekera kumanzere panjinga ngati thumba la mpunga losadzaza. Tinayesa mapilo, tinayesa makhushoni a kuchipatala, osathandiza. Tsiku lina analoza pamwamba pa wadilopu ndi dzanja lamoyo lija, kuloza, kulozabe, mpaka ndinakwera pasitulo. Kuseri kwa masutikesi kunali thumba, m'thumbamo muli mpando wa Rosdi, wathunthu, dzina lili pomwepo. Ndinauyang'ana, n'kuwayang'ana iwo. Iwo anali akuyang'ana pawindo ngati kunja kukuchitika zazikulu.

Ndinausepa mkati kuti akwanemo, n'kuukuta ndi nsalu yamaluwa. Unawagwira nthiti bwinobwino, iwo n'kukhala mowongoka ngati kale. Ndipo popeza munthu wongokhala n'kumadya amanenepa, chaka ndi chaka ndinkamasula nsaluyo n'kusepanso pang'ono, apa m'chiuno, apa m'mapewa. Rosdi ankaukhudza m'mawa uliwonse powakhazika, koma ankayesa kuti ndinachita kuwaumbira wawo. A Loke anandiletsa kunena. Anati ndikadzangonena adzasiya kumwa mankhwala, ndipo ndinkawadziwa, akanasiyadi.

Madzulo a tsiku la funso lija, ndikuwadyetsa phala la mpunga, ndinawayamba.

"Inu, mwana uja amakunyamulani ngati khanda, amakumetani ndevu. Mutaya chiyani mukamupatsa chinthu chake?"

Anamanga pakamwa, supuni ili pamlomo. Ine ndikayamba sindisiyira panjira. Ndinawauza kuti khoma limene akulilondalo aligwetsa mwezi wamawa, kuti lamulo lawo analiswa okha tsiku lomwe anabisa thumba, kuti pa ana onse aja ankamukonda mmodzi kuposa ena ndipo kumeneko si kuba. Ndinalongolola mpaka phala linazizira. Kenako anayankhula movutikira.

"Adzandiona nditapendekera. Onse."

Ndinatsitsa supuni. Ine ndinkayesa kuti ndi liuma la malamulo basi. Sindinaganize zoti anyamata amene ankanjenjemera akamva nsapato za a Loke akubwera kuchokera m'mayiko anayi, ndi akazi awo ndi mafoni ojambulira, ndipo popanda mpandowo a Loke amagwera kumbali, mutu paphewa, malovu n'kumatsika. Ndinawapukuta pakamwa n'kukatenthetsanso phala. Nkhaniyo sindinaibwerezenso, koma mafuta a chitowe amene amawakonda m'phala sindinawaikire kwa masiku angapo, kuti adziwe kuti sindinaiwale.

Tsiku lotsanzikana linacha lotentha, lopanda kamphepo n'komwe. Anabwera ambiri kuposa amene tinawayembekeza, ena adazi, ena aimvi, ena akukoka ana aatali kuposa iwo. Ndinkawazindikira ndi kayendedwe nkhope zisanafike, chifukwa misana yawo ndimaidziwa kuposa amayi awo. Wirat anafika atavala malaya a maluwa oti n'kukutira tebulo. Tsopano ali ndi malo odyera angapo kwawo, ndipo zikuoneka kuti chakudya chilichonse amayamba walawa yekha. Anagwada patsogolo pa njinga ya a Loke, manja ataphatikiza pamphumi, ndipo podzuka anafunika womugwira. Marites anabwera ali monga kale, wowonda ngati nsungwi. Akuti amathamanga mitunda italiitali m'mawa uliwonse popanda womuthamangitsa.

Titadya mpunga wa kokonati, Rosdi anatulutsa galimoto ziwiri zija, zikunyezimira, n'kuyamba kutsitsa mipando pakhoma. Aliyense analandira wake ndi manja awiri. Ena ankaununkhiza. Wina anaugwedeza pafupi ndi khutu kuti amve ngati kachithumwa kake kakadalimo.

Marites analowa m'galimoto yake ngati dzanja m'thumba la malaya. Itafika nthawi ya Wirat, anavula nsapato, lamba, chikwama, ngakhale wotchi, ngati wotchiyo ndi imene inanenepa. Anatulutsa mpweya wonse, anthu awiri akumukanikiza m'mapewa. Anatsika mpaka m'chiuno n'kuima pomwepo, osapita pansi, osabwerera m'mwamba.

"Achimwene," anatero Marites ali m'galimoto yake, "kodi ana anu onse aja munkatenga mimba ndinu, mlamu akungoonerera?"

Wirat anati, "Mpandowu wafota. Anti, thovu lanu linali lachinyengo."

"Thovu langa silidya nkhumba yowotcha," ndinamuyankha.

Kumuzula kunafunika amuna anayi ndi sopo wotsukira mbale. Ena awiri a zaka zoyamba anayesanso. Wina mapewa anakana, wina analowa koma bondo linakana kupinda, n'kutuluka akupemphera. Anthu anaseka mpaka kupukuta misozi, koma kuseka kutatha tinapezeka titazungulira galimoto yopanda woyendetsa.

Wirat, thukuta lili kamukamu, anatembenukira kwa a Loke. Anati mpando wakewo ausepe, Rosdi ayendetse, popeza pa zaka ziwiri zija zikanakhala kuti kunalibe mvula ndi ng'azi bwenzi pakhoma palibe dzina la Wirat. Anthu anavomereza, ena n'kuwomba m'manja.

"Ayi," anatero a Loke.

Marites anavula chipewa. Anati yekha sazungulira, chifukwa galimoto imodzi yoyenda yokha m'bwalo si kutsanzikana, ndi maliro. Ndinawayang'ana amuna anga ndi diso limene amalidziwa, koma iwo anali akuyang'ana simenti.

Rosdi ndi amene anathetsa manyaziwo, monga ankachitira nthawi zonse. Anati palibe vuto, anthu asadandaule, Marites azungulire basi anthu amve kulira kwa injini. Anakankhira galimoto inayo m'galaja yekha, n'kutenga chinsalu chake chofundika. Anaifundika pang'onopang'ono, kuyambira kumphuno, kuwongola makwinya, kupindira m'mbali kunsi kwa matayala monga munthu afundika mwana amene wagona osadya. A Loke anamuyang'ana mpaka anamaliza.

"Rosdi."

"Madala?"

"Ndinyamule."

Rosdi anawerama n'kuwafunsa monong'ona ngati akufuna kupita kuchimbudzi. A Loke anapukusa mutu n'kuloza mulu wa matayala pakati pa galaja, pamaso pa anthu onse. Rosdi anandiyang'ana, ine ndinangogwedeza mutu. Anawanyamula monga ankachitira m'mawa uliwonse, n'kuwakhazika pamatayalapo. Atangowasiya, thupi linayamba kutsetserekera kumanzere, mutu n'kugwera paphewa, mlomo n'kulendewera. Mafoni onse anatsika okha. Amuna akuluakulu ankayang'ana nsapato zawo. Wirat, ndi thupi lonse lija, anathamanga n'kukhala pambali pawo, n'kuwatsamiritsa paphewa lake ngati akungocheza.

"Siew Lan," anatero a Loke. "Chotsa nsalu."

Ulusi ndinaudula ndi mpeni wa buledi. Ndinauchotsa mpandowo panjinga n'kuutembenuza kuti kumbuyo kuyang'ane kwa Rosdi. Penti inali itachita chikasu, koma dzina linkawerengeka. Analiyang'ana nthawi yaitali ngati ndi dzina lalitali. Kenako anapukuta manja pa ovolosi, kawiri, asanaulandire.

"Paja munati munadula, madala."

"Mpeni unali wobuntha."

Limenelo linali bodza, chifukwa mpeni wanga sunabunthepo, koma ndinalisiya lidutse.

Rosdi anadzisisita pamimba n'kunena kuti zikomo, koma n'zosatheka, mpandowo unaumbidwa pa mpini wa tsache, ndipo ngati Wirat wakanika iye ndani. Ndinamuuza kuti asiye zolongolola, alowe. Anafundukula galimoto, kuikamo mpando, kuponda mwendo umodzi, wachiwiri, n'kudzitsitsa akuyembekeza kukakamira pomwe anakakamira Wirat. Anangotsetsereka mpaka pansi, n'kukhala thi. Anayesa kugwedeza chiuno, chosagwedezeka. Ananditembenukira maso ali tong'o.

Ine sindinadabwe. Mipando ya pakhoma inatsala ya ana, popeza chipachikireni panalibe woikhudza kupatula wopukuta fumbi. Wa Rosdi wokha ndi umene unanenepa pamodzi ndi anthu, chifukwa chaka ndi chaka ndinkausepa kuti ukwane mdala wokonda kudya. Paphewa lakumanzere panatsala kampata, pomwe ndinasepa kwambiri chifukwa cha kupendekera kwa a Loke. Ndinapisa m'katoni ya zidutswa za mipando ya oluza anzake, n'kutsekapo.

"Ndiye kuti ife opambana munatilanga potipachika," anatero Wirat, dzanja lili kumsana kwa a Loke.

Pangano linali lakuti azungulire pang'onopang'ono, limodzi, akubayibitsa anthu. Panganolo linafika pokhota poyamba n'kufera pomwepo. Tinamva injini zonse ziwiri zikusintha mawu, anthu n'kuthamangira kumpanda. Ine ndinatsala m'galaja chifukwa mtima unali m'mwamba, poganiza za matayala okalamba ndi oyendetsa okalamba. Nditacheuka ndinaona a Loke atatsinzina, milomo ikugwedera. Ankayendetsa bwalo ndi pakamwa monga ankawachititsira ana, pokhota ndi pokhota, buleki apa, giya apa, dzanja lamoyo likusintha giya pabondo la Wirat. Mawu amene amawavuta popempha madzi ankatuluka onse bwinobwino. Atatchula pokhota pomaliza anatsegula maso, ndipo galimoto ziwiri zinatulukira pomwepo zitagundana mapewa.

Marites anafika pamzere ali patsogolo ndi mphuno ya galimoto.

Bwalo lonse linaphulika ndi phokoso. Rosdi anaimitsa galimoto pakhomo pa galaja koma sanatuluke, mapewa akungogwedezeka. Ndinapita n'kumutsegulira galasi la chipewa. Ankaseka, misozi ikulowa m'kamwa.

"Amayi, wachiwirinso."

Marites anabwera n'kumugogoda pachipewa. "Ndimafuna kukusiyirani, achimwene, koma phazi linakana."

"Ukanandisiyira sindikanakulankhulanso mpaka kumanda."

Atatuluka anazula mpando wake n'kubwera nawo kwa a Loke, ataukumbatira pachifuwa. Khoma linali litatsala misomali yokhayokha. A Loke anakweza dzanja n'kuloza msomali woyamba, wa pafupi ndi khomo. Anayankhula mokweza kuti onse amve, ngakhale kunawatengera mphamvu.

"Pachika."

Rosdi analiyang'ana khomalo. Ndikudziwa kuti analiyang'ana m'mawa uliwonse wa moyo wake wauchikulire, akumwa tiyi, akupukuta mipando ya ana amene anawaphunzitsa yekha, ndipo ndikudziwa kuti ankalifuna. Wina anali atabweretsa kale situlo, wina kachitini ka penti yoyera kolembera chaka, ngakhale panalibe amene ankadziwa kuti alemba chaka chiti. Kenako Rosdi anayang'ana a Loke, atapendekera paphewa la Wirat, malaya atanyowa pakolala.

Anadutsa situlo ija n'kupita panjinga. Anaikapo mpando, kuukanikiza ndi chikhatho kuti ukhale bwino, n'kubwera kudzawanyamula a Loke. Anawakhazika, kuwawongola mapewa, kuwapukuta pachibwano ndi mkono wa ovolosi.

"Pakhoma ndi pa mipando yomaliza ntchito, madala. Uwu ukadali pantchito."

A Loke anang'ung'udza kuti mwana ameneyu samva, n'chifukwa chake ankaluza. Koma dzanja lawo linagwira dzanja la Rosdi osalisiya, moti njingayo ndinachita kukankha ndine.

Khoma lija analigwetsa mwezi wotsatira, ndipo pomwe panali pokhota pomaliza pano pali nyumba zofanana zokhazokha ndi sitolo yochapira zovala. Rosdi anatsegula galaja yake yaing'ono kumsewu waukulu, koma m'mawa amayamba wadzera kunyumba kwathu. Nsalu yamaluwa ija ndinafuna kuisokereranso, a Loke anakana. Tikamapita kumsika, mutu wa mpandowo umasuzumira pamwamba pa njinga, ndipo woyenda kumbuyo kwathu amawerenga dzina la Rosdi pamsana pa amuna anga.